Garati ndi Chiliza cha a Nangozo

Chithunzicho chinali pakhoma la a Nason, pamwamba pa wailesi, mbali yomwe dzuwa silifika. Aliyense wolowa m'nyumbamo ankachiponyera diso kamodzi n'kunena kuti, "Chitima," kenako n'kuyamba kufunsa za mbewu ya fodya kapena za bondo lawo lija. A Nason zinkawapweteka, koma sankayankha. Chimenecho sichinali chitima wamba. Inali Garati, injini ya malasha ya zigawo zitatu: thanki ya madzi kutsogolo, chimphika cha moto pakati, nkhokwe ya malasha kumbuyo, mawilo khumi ndi awiri mbali imodzi yokha. Inaima pa saidingi ina, kasiteshoni kakang'ono kufupi ndi Darwendale m'chaka cha 1962, ikumwa madzi, ndipo mzungu wina wodutsa pagalimoto anakwera pachulu ndi kamera n'kuijambula. Patapita miyezi inayi, kapitawo wa pa saidingipo anawaponyera envulopu, chithunzi chili m'kati.

Munthu woyang'ana mofatsa akanaona zambiri. Utsi unali tolotolo, wolunjika kumwamba, chifukwa tsikulo kunalibe mphepo. Pamwamba pa thanki, pomwe chipaipi cha madzi chinalowa, panali miyendo iwiri yowonda ya munthu wovala kabudula, thupi lonse litabisika mu nthunzi. Miyendoyo inali yawo, poti ntchito yawo masiku amenewo inali yomwetsa injini. Ndipo pansi, chakumanja kwenikweni, pafupi ndi wilo lomaliza, panali atsikana awiri ogulitsa mazira owiritsa, aang'ono ngati nyerere pambali pa ng'ombe. Wina anayang'ana kamera akuseka. Winayo anapereka msana, beseni pamutu, phazi lamanzere likukanda katumba wa mwendo wamanja.

Maidei, mwana wawo wokhala ku Norton, anatsika kombi, minibasi ya kumeneko, Loweruka masana, kutatsala milungu iwiri kuti avundukule chiliza cha amayi ake, a Nangozo, amene anamwalira zaka zitatu zapitazo. Anagwada pakhomo, anapereka moni, ndipo asanadzuke n'komwe anali atayamba kale kufotokoza.

"Zonse zatheka, baba. Abusa avomera Loweruka la holide ya Ogasiti. Amayi a Chigwirizano adzaimba. Mwala Learnmore wosema ziliza uja wadula kale, wakuda uja wa ku Mutoko, ukuwala ngati galasi. Koma onani ichi."

Anawapatsira foni. A Nason anaigwirira patali, natsinzina diso limodzi. Munali nkhope ya mtsikana wa duku, wosalala masaya, wa mpata pakati pa mano, akuseka.

"Ndinajambula pakhomapo nthawi ya Isitala, inu muli ku tchalitchi. Mdzukulu wanu Tracy waikulitsa pa kompyuta n'kuiyeretsa. Mukuona? Ngati amayi ajambulidwa dzulo. Imeneyi ndi imene ikhale pamwala, pamwamba pa dzina."

A Nason anaiyang'anitsitsa. Nkhopeyo sinali ya mkazi wawo. Inali ya Esnat, mnzawo wa a Nangozo wa pa utsikana, amene panopa anali gogo wopanda mano wokhala kutsidya kwa damu, wamoyo, wodya bwino, woimba kutsogolo pa maliro alionse a m'dera lonselo.

Bodzalo linali lakale kuposa denga la nyumbayo. A Nangozo anadwala nthomba ali mwana ku Angonia, ndipo inawasiyira timaenje nkhope yonse. Kamera ankaithawa ngati njoka. Tsiku lina Maidei ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anakwera pampando n'kufunsa kuti pa atsikana awiriwo amayi ndi ati. A Nangozo, akusankha nyemba, osadzutsa n'komwe mutu, anati, "Wokongolayo." Mwana analoza wosekayo. "Eya," anatero a Nangozo, "nthomba isanandipeze." A Nason anali pomwepo akusoka nsapato. Anayang'ana mkazi wawo, mkazi wawo anawayang'ana, ndipo iwo anabwerera ku nsapato. Nthawi imeneyo Esnat anali atakwatiwa ku Mvurwi. Pomwe ankabwerera kuno, zaka zambiri pambuyo pake, nkhope inali itagwa, moti panalibenso wofananitsa.

"Popanda chithunzi," anatero a Nason, akubweza foni.

"Mwati bwanji?"

"Dzina basi."

"Baba, zimenezo ndi zakale. Pitani kumanda mukaone, ngakhale wa matrakita uja ali ndi chithunzi. Nanga tiike chiti? Za m'foni mwangamu ndi za kuchipatala, kukamwa kutapotoka. Cha pachitupa akuoneka ngati awagwira akuba nkhuku. Zina zija zinanyowa pamsewu nthawi ya jambanja, atatithamangitsa papulazi, inu mutangopulumutsa chitima chanuchi m'jekete. Ine ndikufuna anthu awaone amayi momwe Mulungu anawalengera. Tracy agogo ake osalala sanawaonepo."

A Nason anayang'ana kukhoma.

"Chithunzicho," anayamba motero, "ukachiyang'ana bwino..."

"Ndadziwa. Mwakhumudwa chifukwa tadula chitima." Maidei anaseka, nawasisita bondo. "Mwachiyang'ana zaka sikisite, chakwana. Pamanda sitiikapo injini. Mwadya chiyani lero?"

Madzulo anakwera kombi yobwerera ku Norton, a Nason asanamuuze.

Lamulungu anapita ku tchalitchi, anamuona Esnat atavala zoyera kutsogolo, anatuluka nyimbo yomaliza isanathe. Lolemba anavala nsapato kuti akaone Learnmore, anafika pa mabalani akale a fodya, anaima, anabwerera. Lachiwiri anachotsa chithunzi pamsomali, anachikulunga mu zambiya, chitenje cha malemu, nayamba ulendo wa ku mashopu, mphepo ya Ogasiti ikuwathira fumbi m'maso.

Learnmore ankagwira ntchito kuseri kwa chigayo, pansi pa malata anayi. Anali bambo wa thupi, tsitsi ndi nsidze zili mbuu ndi fumbi la miyala. Anazimitsa makina ake, napukuta mpando ndi chipewa, nawalonjera ndi mawu a Chishona oti agogo.

"Sekuru, khalani. Mwabwera kudzayendera ntchito? Mwanyamula chiyani, Baibulo?"

A Nason anamasula zambiya. Learnmore anawerama, ndipo anakhala chowerama nthawi yaitali. Anapukuta manja pa ovolosi asanagwire felemu.

"Chinthu ichi chinkayenda pa njanji yathu yomweyi?"

"Yomweyi."

"Mutu wake uli kuti? Kuno kapena uku?"

"Konse. Imapita uku, imabwerera uku, osaitembenuza."

"Dikirani." Learnmore anayendetsa chala pagalasi akuwerenga. "Teni, leveni, thwelofu. Mbali imodzi? Nanga pokhota inkatani, kutalika konseku?"

"Imapinda. Apa ndi apa." A Nason analoza. "Chimphika chimalendewera pakati ngati machila. Ikamakwera chitunda itanyamula miyala ya ku migodi, umaimva m'chifuwa isanaoneke. Madzi inkamwa ngati mudzi wonse. Ukachedwa kukoka tcheni kuti utseke paipi, amasefukira, umatsetsereka pathanki, dalaivala akukutukwana m'Chilapalapa, chiyankhulo chija cha kumigodi."

"Taonani mafuta akuwala pa ndodo izi. Wojambulayu ankadziwa ntchito, sekuru. Anadikira utsi uime."

Panali patapita zaka zambiri chionere munthu woyang'ana chithunzicho motero. A Nason anafotokoza za mchenga wothira pa njanji mawilo akamaterera, za phulusa lotentha, za mluzu womwe unkadzutsa makomboni atatu. Anayankhula mawu ochuluka kuposa a mwezi wathunthu, mpaka anatsala pang'ono kuiwala chomwe anadzera. Anakumbuka pamene Learnmore anati, "Bwerani muone zanga tsopano," n'kuvundukula chiguduli pa mwala wotsamira khoma.

RICARDINA, dzina loyamba la a Nangozo, malembo oyera pa mwala wakuda. Pamwamba pake, m'kati mwa mzere wozungulira ngati dzira, Esnat ankaseka.

"Ndamaliza dzulo madzulo," anatero Learnmore. "Chaka chino sindinapange china chokongola chonchi."

Dzulo madzulo. Dzulo iwo anali ataima pa mabalani, nsapato kuphazi.

"Chotsa."

"Sekuru?"

"Nkhopeyo. Chotsa."

"Si choko ichi, mudhara. Makina alasa mwala. Kuchotsa ndi kupala, ndipo pamatsala chipsera chotuwa, sipawalanso ngati kwinaku. Chalakwika n'chiyani? Mphuno? Mano?"

A Nason anayang'ana mwalawo. Kuuza mwana wa eni chinsinsi cha mkazi wawo, mwana wawo asanamve, sizikanatheka.

"Sichili bwino."

"Ndiye mukambirane ndi mwana wanu, Mai Tracy. Ntchito anandipatsa ndi iwowo. Akandiimbira foni okha, ndipala. Apo ayi, ine sindikhudza, angandidye wamoyo." Anawathandiza kukulunga chithunzi. "Koma chitimachi mudzabwere nachonso. Ndikufuna ndidzachione bwinobwino."

Lachinayi anazungulira damu. Anapeza Esnat atakhala pamkeka padzuwa, miyendo tambalale, akutokosa mtedza wa mbewu.

"Alamu, mwasochera? Chimwalirire mnzanga simunapondeko kuno. Kapena mwabwera kudzandifunsira? Mwachedwa, mano anatha."

A Nason anakhala pa chitini chomwe anawalozera. Anafunsana za matupi. Kenako anamasula zambiya n'kuika chithunzi pamkeka.

"Iii, chikadalipo? Taonani Esnat, anthu inu. Khosi ngati botolo la Fanta. Tsiku limeneli mazira onse anagula mzungu yemweyo."

"Akuika pamwala."

"Chitima?"

A Nason anaika chala pansi pa mtsikana woseka uja.

Esnat anaseka mpaka kutsokomola. "Bodza la Ricardina lija? Anandiuza, ine ndinati zamasewera. Mwanayo mpaka lero..." Kuseka kunathera panjira. Anaika lichero pambali. "Mwati pamwala uti?"

"Pachiliza. Alasa kale."

"Nkhope yanga."

"Ee."

"Pamanda. Ine ndikutokosa mtedza wodzala chaka chino." Anapukuta manja pa nsalu pang'onopang'ono. "Alamu, ine ndatsala chaka chimodzi kuti ndikwanitse eyite. Imfa safuna kuikumbutsa, imadziwa kale njira. Mukufuna Loweruka lija ndikaime kutsogolo nditavala zoyera, ndiyambitse nyimbo, abusa achotse nsalu, ndidzione ndekha nditagona pamenepo? Amenewo ndi malaulo. Ngakhale akwanu ku Dedza sanachitepo zotere."

"N'chifukwa chake ndabwera."

"Mwabwera kudzatani?"

"Mumuuze ndinu. Ndinu azimayi."

"Ayi." Esnat anatolanso lichero. "Bodza linali la mkazi wanu. Kukhala chete kunali kwanu. Changa pamenepa ndi nkhope yokha, ndipo ndikuifuna. Zaka zonsezi pakamwa mumasungira chiyani, mbewu? Mwana ndi wanu, mumuuze. Mukapanda kutero, ndidzanena ndine, koma ndidzanenera kumanda komweko, pamaso pa abusa ndi akamwini anu onse. Mundidziwa."

Ankamudziwa. Anayamba kukulunga chithunzi, koma Esnat anagwira felemu.

"Taimani ndimuone mnzanga." Anayang'anitsitsa msana uja. "Munkati anatembenuka kuti aone inu pamwambapo, eti? Mwakhala mukudzinamiza choncho?"

"Ankayang'ana kumwamba."

"Ankathawa kamera, alamu. Inu munangopezeka kuti muli mbali yomweyo. Miyendo ngati ya dzombe imeneyi ndani akanaitembenukira?"

A Nason anamanga zambiya, nanyamuka. Anabwerera kudzera pa khoma la damu, ndipo mawu amenewo anawawawa kuposa bondo.

Loweruka linalo Maidei anafika ndi chikwama chodzaza. Anatulutsa nsalu yoyera yophimbira mwala, makandulo, ndi mulu wa mapepala a ndondomeko ya mwambo. Anawayala patebulo. Pa pepala lililonse Esnat ankaseka, pansi pake palembedwa tsiku lobadwa ndi tsiku lomwalira.

"Learnmore akuti munapita kukamusokoneza," anatero akuwongola mapepalawo. "Baba, chonde. Ine ndathamanga ndi zinthu izi ndekha kuyambira Janyuwale. Mwana wanu winayo, Simao, ali ku Joni amangotumiza mavoisi. Musandiwonjezere ntchito."

A Nason anadzuka, anachotsa chithunzi pamsomali, nachiika pamwamba pa mapepalawo.

"Khala pansi."

"Ndikufuna ndikaone amayi ophika kaye."

"Amake Tracy. Khalani pansi."

Maidei anawayang'ana. Bambo ake sankamutchula choncho kawirikawiri. Anakhala.

"Yamba kuno." Anaika chala kumanzere kwenikweni. "Nyali. Thanki." Chala chinakwera. "Ine."

"Inu? Pati?" Anawerama. "Miyendo iyi? Ine ndinkayesa zitsulo. Bwanji simunanenepo?"

"Sunafunse. Paipi. Chimphika. Dalaivala." Chala chinkayenda pang'onopang'ono, wilo ndi wilo, ndipo iwo ankalakalaka injiniyo ikanakhala yotalika kuposa pamenepo. Malasha. Wilo lomaliza. Chala chinaima.

"Uyu ndi Esnat."

Panja nkhuku inkapalasa pa lata. Maidei sanagwedezeke.

"Esnat wake uti?"

"Wa kutsidya kwa damu." Chala chinasuntha pang'ono. "Amako ndi awa."

"Ayi. Amayi anandiuza okha."

"Ndinalipo."

"Anati nthomba isanawapeze."

"Inawapeza ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinawadziwa ali choncho. Ndinawakwatira ali choncho."

Maidei anasolola pepala limodzi pansi pa felemu, naliyang'ana, nayang'ananso chithunzi. Atayamba kuyankhula, mawu anali otsika, ndipo a Nason akanakonda akanakalipa.

"Mukudziwa kuti ndili mtsikana ndinkaima pagalasi kufananitsa mphuno yanga ndi iyi? Anzanga kusukulu akamanena amayi kuti nkhope ngati chisa cha njuchi, ndinkawauza kuti bwerani kwathu mudzaone momwe analili. Ndinamenyana ndi anthu chifukwa cha nkhope iyi, baba. Tracy waiika pafoni pake, anzake onse aiona. Ndiye mukuti ndi gogo Esnat, amene amandipempha shuga ndikabwera?"

"Amako anafuna choncho."

"Amayi anapita. Zaka zitatu mwakhala nacho nokha m'nyumba muno. Loweruka lapitalo ndinakuonetsani foni, mwala usanalasidwe. Munangoti dzina basi. Mawu anayi okha akanakwana. Uyu si amako ayi. Anakuvutani pati?"

A Nason anafunafuna yankho, koma lomwe analipeza linali lomwe lija la masiku onse. Anakhala chete.

"Mwayambanso," anatero Maidei.

Anasonkhanitsa mapepala onse, anawapanikiza m'chikwama, natuluka. A Nason anamumva ali kuseri kwa nyumba akuyankhula pafoni m'Chishona. Anamva akuti pala. Kenako anamva akuti, "Chitima chonse? Iwe Learnmore, usandiseke. Amayi anga sagona pansi pa chitima. Msana? Unaonapo kuti manda a msana? Pala basi, pasakhale kanthu."

Sanagone kumeneko. Anakwera kombi ya folo koloko osatsanzika bwino.

Tsiku la mwambo kunacha ndi mphepo. Manda a antchito a papulazi anali kuseri kwa damu, pansi pa mabulugamu, ndipo nsalu yoyera ija anachita kuitsendereza ndi njerwa. Anthu anabwera ambiri, ena ochokera ku Mvurwi, ena ku Norton. Ndondomeko abusa ankawerenga papepala lolemba pamanja. Atachotsa nsalu, mwala unawala bwino, dzina linaoneka bwino, koma pamwamba pake panali chipsera chotuwa, chozungulira ngati dzira, ngati diso la ng'ala. Anthu anayang'anizana. Mayi wina anakoka Maidei pa dzanja n'kunong'ona, ndipo Maidei anayankha mokweza ndithu kuti, "Funsani baba." Palibe anafunsa, poti onse ankadziwa kuti kufunsa a Nason ndi kuponya mwala m'damu.

Esnat anayambitsa nyimbo. Anaimba mokweza kuposa masiku onse, mutu uli m'mwamba, ndipo podutsa pafupi ndi a Nason popita kukaika maluwa anati chapansipansi, "Chanyansa, alamu. Koma ndine wamoyo."

Chinanyansadi. A Nason anachiyang'ana chipseracho mpaka anthu onse atapita kukadya. Akanavala nsapato tsiku limodzi lokha m'mbuyo, mwalawo ukanakhala wosalala. Mkazi amene anabisa zipsera moyo wake wonse anamuikira chipsera china pamutu, ndipo wochititsa anali iwo.

M'mawa mwake alendo anabalalika. A Nason anachokera kobweza mabenchi ku tchalitchi n'kupeza chikwama cha Maidei chili pakhomo, chomangamanga. Mwini wake anali m'nyumba, ataima patsogolo pa wailesi, manja kumbuyo. Sanatembenuke.

"Phazi ili," anatero.

A Nason anaima pakhomo.

"Ankaima chonchi pampopi, podikira ndowa idzaze. Ndi pa mzere wa kuchigayo. Ndinkawauza kuti amayi mugwa." Anawerama pafupi ndi chithunzicho. "Zaka zonsezi ndinkangoyang'ana winayo."

"Ankayang'ana kumwamba," anatero a Nason. "Kuthanki."

"Gogo Esnat akuti ankathawa kamera."

"Esnat amayankhula kwambiri."

"Wina ayenera kuyankhula, baba." Anatulutsa foni m'thumba. "Sindinakukhululukireni. Musaganize kuti zatha. Mwala uja ndizikauona chaka chilichonse."

Anakweza foni, nayamba kuyandikira pakona ya kumanja, zala zikukulitsa.

"Chonse," anatero a Nason.

"Ndikufuna amayi okha."

"Ukawadula, sichidziwika chomwe akuyang'ana. Chonse."

Maidei anapumira m'mwamba, anagoneka foni chammbali, nabwerera m'mbuyo.

"Wadula nyali."

"Mukuona bwanji muli uko?"

"Bwerera."

Anabwerera mpaka anagunda tebulo. M'nyumbamo munali mdima, ndipo pafoni pankangooneka chinthu chakuda chachitali. Anachita kutuluka nacho panja. Padzuwa galasi linkabweza kuwala, moti m'malo mwa injini pankaoneka Maidei yemweyo ndi foni yake. Anasamukira pamthunzi wa khoma. A Nason anachigwira pachifuwa ndi manja awiri, akuchipendeketsa momwe ankawauzira, mphepo ikukankha felemu.

Kumsewu kombi inaliza hutala.

"Weramitsani pang'ono. Ayi, mwaonjeza. Mukugwedeza, baba."

"Ndi mphepo."

"Ndi manja anu. Tsamirani khoma."

Anatsamira khoma. Kombi inalizanso, ndipo kondakitala anayamba kuitana a ku Norton.

"Mawilo alowa onse?" anafunsa a Nason.

"Ndiwerenge mawilo kombi ikundisiya?"

"Werenga."

Maidei anatsonya, nayandikitsa foni kumaso, milomo ikuyenda.

"Leveni."

"Jambulanso."